Lachiwiri la mvula, ana awiri ndi botolo la madzi

Mvula yagwa usiku wonse, moti m'mawa phiri la Mulanje silimaoneka n'komwe, mtambo unaliphimba mpaka m'minda ya tiyi. Ndinafika kuntchito kuchipatala chathu chaching'ono nsapato zili matope okhaokha, mabenchi atadzaza kale. February kuno ndi mmene amakhalira: mwana aliyense amene wam'khudza pamphumi, thupi lili moto.

Cha m'ma 9 koloko analowa agogo ena ochokera cha ku Limbuli, atabereka mdzukulu wa zaka zitatu. Kutentha thupi masiku awiri, mamina, kachifuwa pang'ono. Tinamubaya pachala kuti timuyeze malungo, tinadikira, panatuluka mzere umodzi, kusonyeza kuti alibe. Ndinawerenga kapumidwe kake mphindi yathunthu, ndinamuyang'ana m'makutu, kukhosi ndi m'zikhatho. Mwana akuyamwa chala, maso ali gwa pa ine. Ndinalemba panado m'kabuku kake.

"Adokotala, mtunda wonsewu panado yekha? M'patseni LA mwanayu, malungo ndimawadziwa ine."

Sindinawaone kulakwa. Alipira kabaza, alera ana ambiri, ndipo kwa zaka zambiri ife tomwe tinkawauza kuti kutentha thupi kulikonse ndi malungo. Ndinawafunsa ngati akukumbukira klorokwini. Anati, "Uja woyabwitsa thupi uja?" Ndinawakumbutsa kuti anasiya kuchiza chifukwa tizilombo tinamuzolowera, ndipo mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kumusiya n'kuyamba Fansidar. Nayenso Fansidar anafooka, mu 2007 tinasamukira ku LA. "Agogo, LA ameneyu tikamamwaza kwa mwana amene alibe malungo, mwanayo sapindula kanthu, ndipo tsiku limene adzawadwaledi tingadzapeze mankhwala atatha mphamvu." Ndinawauza zizindikiro zoti akaziona asagone naye kunyumba, ndipo tinagwirizana kuti abwerenso Lachinayi ngati thupi silizizira. Anatuluka osakhutira kwenikweni, koma kabuku anakasunga bwino m'chitenje.

Chimene chandikhazika pansi kulemba usiku uno chinachitika masana. Cha m'ma 2 koloko mayi wina analowa akuthamanga, dengu lothyolera tiyi analisiya kaya kuti, mwana wamwamuna wa zaka zinayi ali lobodoka m'manja. Anali atakomoka kawiri panjira. Kumutsina ankangobuula, kupuma kwake kozama ngati munthu wokwera chitunda, manja ndi mapazi zili zii. Pachala mizere iwiri inatuluka nthawi yomweyo: malungo. Shuga anali wotsika, tinamupatsa dextrose, madzi a shuga. Pasikelo anakwana makilogalamu 13, ndiye ndinasungunula artesunate, mankhwala obaya a malungo aakulu, mamiligalamu atatu pa kilogalamu iliyonse monga timachitira kwa ana osakwana makilogalamu 20, n'kumubaya.

Ndikutembenuka ndinaona mnyamata amene ali nafe pano pophunzira ntchito atatsegula diripi yonse, dzanja lili pa botolo kuti alifinye. Anali atapeza mtsempha kamodzi kokha pa mwana wozizira chotero, chinthu chimene si chapafupi. Ndinamugwira dzanja.

"Bwana, manja azizira, mtima ukuthamanga. Tisamuthire madzi msanga?"

Ndinafunsa mayi aja ngati mwana watsegula m'mimba kapena kusanza kwambiri. Anati ayi. Ndinatsina khungu la pamimba, linabwerera pompo, maso sanalowe m'kati. "Chepetsa, mphwanga, azingodontha pang'onopang'ono." Anachepetsa, koma nkhope yake inaonetsa kuti mtima sunavomere.

Mtima umenewo ndimaudziwa, unali wanga. Pamene ndinkayamba ntchito, mwana wotere tinkamuthira madzi mwachangu, ndipo ndinkaona ndi maso angawa manja akufunda, mtima ukukhazikika, mayi akupuma. Ena mwa ana amenewo ankamwalira usiku kapena mawa lake, ife n'kumati matenda anali atakula kale. Palibe amene ankaganizira botolo lija. Mu 2011 anatulutsa zotsatira za kafukufuku wotchedwa FEAST, amene anachitika m'zipatala za ku Uganda, Kenya ndi Tanzania pa ana oposa 3,000 odwala kwambiri ndi kutentha thupi. Ena anawathira madzi mwachangu, ena anangowapatsa a pang'onopang'ono, ndipo amene ankasankha kuti uyu apite mbali iti anali maere, osati dokotala. Pofika maola 48, mwa othiridwa mwachangu anamwalira pafupifupi 10.5 pa 100 alionse, pamene mwa enawo anali 7.3. Ochita kafukufukuyo ankayembekezera kuti madziwo apulumutsa ana, koma anamuimitsa asanathe ataona imfa zikuchuluka mbali imene ankaidalira.

Ana atatu pa 100. Kusiyana kotere munthu mmodzi sungakuone ngakhale utagwira ntchito zaka makumi awiri. Ine ndimaona mwana mmodzi pa bedi limodzi, ndipo amene ndimamukumbukira kwambiri ndi uja anadzuka. Ndinavutika nazo miyezi ingapo nditawerenga, chifukwa nkhope zina zinayamba kundibwerera. Mpaka lero ndikagwira manja ozizira a mwana, dzanja langa limafuna kupita pa botolo.

Koma funso limene ndinafunsa mayi lija silinali la mwambo chabe. Ana otsegula m'mimba sanawalowetse m'kafukufuku ameneyu, chimodzimodzi onyentchera kwambiri ndi opsa ndi moto. Chaka cha 2023, kolera itavuta komanso namondwe Freddy atagumula midzi kuno, tinkatsegula Ringer's lactate yonse, madzi a m'diripi aja, ndipo kunali kukhoza, chifukwa munthu amene wataya madzi amafunika kumubwezera msanga. Mwana wa lero sanataye madzi. Akanakhala kuti watsegula m'mimba masiku atatu, maso atalowa, botolo ndikanalifinya ndine. Ndiye sikokwanira kungoloweza kuti "kafukufuku anati." Uyenera kudziwa kuti anayesa pa ana otani, kenako n'kuyang'anitsitsa amene wagona pamaso pakoyo ngati ali m'gulu lomwelo.

Artesunate amene ndinamubaya uja nayenso anabwera njira yomweyi. Kale tinkadalira kwinini, wofuna kumuyendetsa m'diripi maola anayi, wotsitsa shuga, woliza m'makutu. Mu 2010 kafukufuku wa AQUAMAT, pa ana oposa 5,000 m'maiko asanu ndi anayi a mu Africa, kuphatikizapo Mozambique amene tangolekana naye pa Muloza pompa, anaonetsa kuti olandira kwinini amamwalira 10.9 pa 100, olandira artesunate 8.5. Akuluakulu ena pantchito ankati kwinini anawachizira anthu moyo wawo wonse, ndipo sankanama. Kungoti panapezeka woposa.

Ambulansi inafika cha m'ma 4, matope mpaka m'magalasi. Ndinalemba m'kalata nthawi imene wabayidwa, shuga mmene analili ndi madzi amene walandira, kuti akuchipatala chachikulu asayambirenso pachiyambi. Mayi anakwera atagwira botolo m'mwamba ndi dzanja limodzi, linalo lili pachifuwa pa mwana.

Titatsala awiri, mnyamata uja anandifunsa akutsuka m'manja: "Nanga bwana, zimene tinaphunzira kale zikamasintha chonchi, munthu udziwa bwanji?" Ndinamuonetsa buku la malangizo a Unduna wa Zaumoyo limene limakhala patebulo langa, lothothoka chikuto, ndipo ndinamuuza kuti aziyamba waona chaka chimene linasindikizidwa. Nkhani ya FEAST ndamutumizira pa WhatsApp, ndamuuza kuti Lachisanu pa msonkhano wa m'mawa adzatifotokozere yekha, makamaka za ana amene sanalowe nawo.

Posachedwapa ndaimbira anamwino a ku wodi ya ana. Akuti sanakomokenso, shuga wakhazikika, ndipo watsegula maso mayi ake atamuitana, koma magazi ndi ochepa, mwina amuwonjezera usiku womwe uno. Jakisoni wachiwiri ndi wa 2 koloko m'bandakucha. Ndawapempha kuti andiyankhe m'mawa. Mvula yayambanso pamalata, ndipo ndikuganiza za agogo a ku Limbuli aja, ngati njira idzawalola kubwera Lachinayi.