Loweruka lonse linapita pachabe ndikupanga character wa D&D ndi buku lolakwika

Dzulo usiku ndi pamene DM wathu, munthu woyendetsa masewera athu, anavomera pepala la character wanga, munthu wongopeka amene ndizisewera ngati iye. Mtima wakhala m'malo tsopano, koma mkwiyo wa Loweruka lija sunatheretu, n'chifukwa chake ndati ndilembe zikadali m'mutu. Amene mukufuna kulowa gulu la Dungeons & Dragons koyamba, ngati mulibe nthawi yowerenga zonsezi, tengani ichi chokha: musanalembe nambala iliyonse pa pepala la character, funsani DM kuti akugwiritsa ntchito Player's Handbook ya chaka chiti, ya 2014 kapena ya 2024. Akakuyankhani kuti "ndi 5e basi", funsaninso. Mabuku onse awiriwa anthu amangowatcha fifth edition, ndipo apa ndi pomwe ine ndinagwera m'mbuna.

Uthenga womwe DM anatitumizira unali waufupi. Aliyense abwere ndi character wa level 3, manambala a maluso atengedwe pa standard array (mndandanda wokhazikika wa manambala asanu ndi limodzi), kuphatikiza ma class awiri monga Fighter ndi Wizard, komwe amati multiclass, n'kololedwa, pepala lifike pasanafike Lachitatu. Basi. Ine ndinali ndi buku la 2014 lomwe mnzanga anandibwereka, ndipo sizinandibwerere n'komwe m'maganizo kuti ena onse akuwerenga buku lina.

Munthu amene ndinkamufuna ndinali nditamuona kale m'mutu kwa milungu ingapo: msilikali wakale, wovala zachitsulo thupi lonse, amene anatola buku la matsenga pa nkhondo ndipo akudziphunzitsa yekha usiku. Kuti zimenezi zitheke ndinakonza zoti level yoyamba akhale Fighter, ziwiri zotsatira akhale Wizard. Choyamba ndi chiti n'chofunika kwambiri, musachione mopepuka. Mukayamba ndi Fighter mumadziwa kuvala zida zolemera, koma mukayamba ndi Wizard n'kudzalowa Fighter pambuyo, mumangopeza zopepuka, zapakati ndi chishango. Komanso mukavala chovala chankhondo chomwe simunachiphunzire, simungathe kuponya spell ngakhale imodzi. Lamulo limeneli lili m'mabuku onse awiri. Class yoyamba ndi yomwenso imakupatsani ma saving throw (kuponya dayisi kuti mupewe choopsa), ndipo a Fighter ndi Strength ndi Constitution, zomwe zimathandiza munthu wa matsenga akamenyedwa ali pakati pogwira spell ya concentration, yomwe imatha akasokonezeka.

Za dzina, msinkhu, mtundu wa maso ndi zina zotero sindilankhulapo, aliyense amadziwa kudzaza. Nkhani ili pa manambala asanu ndi limodzi aja: 15, 14, 13, 12, 10 ndi 8. Ndinaika 15 pa Strength, 14 pa Constitution, 13 pa Wisdom, 12 pa Intelligence, 10 pa Dexterity, 8 pa Charisma. Wina afunsa kuti Wizard wanji wokhala ndi Intelligence 12. Ndinali nditawerengera. Lamulo la multiclass limafuna 13 pa luso lalikulu la class yomwe mukuchokera ndi 13 pa la class yomwe mukupita, kwa Wizard ndiye Intelligence. M'buku la 2014 mtundu wa munthu wanu ndi womwe umawonjezera manambala, ndipo High Elf amapeza 2 pa Dexterity ndi 1 pa Intelligence. 12 kuwonjezera 1, yakwana 13, khomo latseguka. Background ndinasankha Soldier chifukwa ndiyo mbiri yake yeniyeni, ndipo m'buku limenelo background sikhudza manambala amenewa ngakhale pang'ono.

Ndiye Loweruka linayamba. Ndinakhala pansi m'mawa, ndinadzuka kunja kutada. Chomwe chinadya nthawi kwambiri ndi buku la ma spell. Wizard amayamba ndi ma spell 6 a level 1 m'buku lake ndipo amawonjezera awiri pa level iliyonse, choncho ndimayenera kusankha 8, kenako pa 8 amenewo n'kusankhanso atatu okha oti ndikonzekere patsiku, popeza chiwerengerocho chimachokera pa modifier ya Intelligence (kanambala kowonjezera pa dayisi, kwa ine +1) kuphatikiza level ya Wizard. Ndinawerenga spell iliyonse ya level 1 kuyambira pamwamba mpaka pansi, ina kawiri, ndikulemba pa kapepala kuti iti ikufuna concentration, iti ikufuna dzanja lopanda kanthu, iti ikufuna zipangizo. Ndinawerengera ma HP, mapointi a moyo: 10 ya Fighter kuwonjezera 2, kenako 4 kuwonjezera 2 kawiri, zonse 24. Ndipo chomwe ndinkachinyadira kwambiri chinali Arcane Ward. M'buku la 2014 Wizard amasankha sukulu yake pa level 2, ine n'kutenga Abjuration, yomwe imakupatsa chotchinga cha matsenga chomwe chimayamba kulandira nkhonya thupi lisanakhudzidwe. Character yense ndinamumangira pa chinthu chimenechi. Ngakhale mbiri yake ndinailemba mozungulira icho, masamba awiri athunthu.

Ndinatumiza Lamlungu m'mawa. Yankho la DM linabwera Lolemba usiku, mizere itatu. Akuti Intelligence yanga ndi 12, chifukwa chake sindingalowe Wizard. Akuti elf sawonjezera kanthu. Akuti ngakhale nditalowa, subclass, nthambi ya class monga Abjuration ija, sindingakhale nayo.

Ndinawerenga kangapo ndisanamvetse. Kenako ndinawaimbira, ndipo ndi pamene anati, ngati kuti ndi nkhani yodziwika kwa aliyense, gulu lonse lili pa buku la 2024. Pamenepo ndinapsa mtima, ndipo mpaka pano ndikuona kuti ndinali ndi chifukwa. Munthu woyendetsa masewera, amene akudziwa kuti pali watsopano pagulu, sangalephere kulemba manambala anayi okha a chaka mu uthenga wake. Analemba tsiku lomaliza kutumiza, analemba level, koma chinthu chimodzi chomwe chimasintha zonse sanachilembe. Anandiuza kuti amaganiza kuti aliyense akudziwa. Ine ndikanadziwira kuti? Buku lomwe linali m'manja mwanga silinena kuti kuli lina linatuluka zaka khumi pambuyo pake.

Kusiyana kwake ndi uku, kwa amene simunakumane nako. M'buku la 2024 mtundu wa munthu, womwe tsopano akuutcha species, supatsa nambala iliyonse. Manambala owonjezera anasamukira ku background. Background iliyonse ili ndi maluso atatu, ndipo mumaika 2 pa limodzi ndi 1 pa lina, kapena 1 pa onse atatu. Soldier wanga uja ali ndi Strength, Dexterity ndi Constitution. Intelligence palibe. Ndiye 13 yanga inagwa n'kubwerera pa 12, khomo la Wizard n'kutsekeka. Zimenezo zokha zikanakonzeka, ndikanangosinthanitsa 13 ya pa Wisdom ndi 12 ya pa Intelligence. Chomwe chinapha character wanga ndi chachiwiri: m'buku latsopanoli class iliyonse imapeza subclass pa level 3 ya class imeneyo. Kale Cleric, Sorcerer ndi Warlock ankasankha pa level 1, Wizard ndi Druid pa level 2, koma tsopano onse amadikira 3. Fighter 1 ndi Wizard 2 ndiye kuti alibe subclass kumbali zonse ziwiri. Arcane Ward yapita, ndipo masamba awiri aja a mbiri akunena za chinthu chomwe munthuyo alibe.

Ndibwerere pang'ono, ndaiwala kunena kuti Loweruka lomwelo ndinatayanso pafupifupi ola lathunthu ndikuyesa point buy, ndikuganiza kuti mwina ndingapeze manambala abwinoko. Mumapatsidwa mapointi 27, luso lililonse limayambira pa 8 ndipo silingapitirire 15, 13 imadya mapointi 5, 14 imadya 7, 15 imadya 9. Nditamaliza ndinakumbukira kuti uthenga unati standard array. Ili linali vuto langa, ndikuvomera, linalembedwa bwinobwino. Koma likusonyeza chinthu chomwecho: njira yopezera manambala ndi funso loti lithe musanagwire cholembera, pamodzi ndi funso la chaka cha buku.

Lachiwiri usiku ndinayambiranso, ndi buku la 2024 lomwe mmodzi wa anzathu pagulu anandibwereka. Njira zinali ziwiri. Yoyamba inali kusiya Soldier n'kutenga Sage, yomwe ili ndi Constitution, Intelligence ndi Wisdom, ndipo imabwera ndi feat (mphamvu yapadera yowonjezera) ya Magic Initiate ya Wizard. Pa manambala inali yabwino. Koma munthu wanga si wophunzira wa m'nyumba ya mabuku, ndi msilikali, ndipo sindinafune kusintha moyo wake wonse chifukwa cha nambala imodzi. Yachiwiri anandiuza mnzanga yemwe anandibwereka bukuyo, ndipo ndimamuthokoza mpaka lero: siya multiclass, khala Fighter level zonse zitatu, utenge Eldritch Knight. Subclass imeneyi imaponya ma spell a Wizard pogwiritsa ntchito Intelligence, ndipo siifuna 13 iliyonse chifukwa simukusintha class. Pa level 3 mumapeza ma cantrip awiri (matsenga aang'ono oponya nthawi iliyonse), ma spell atatu ndi ma slot awiri a level 1 (mwayi uwiri woponya spell musanapume). M'buku la 2014 ambiri mwa ma spell ake amayenera kuchokera ku abjuration ndi evocation, koma mu 2024 chiletso chimenecho anachichotsa. Ndi msilikali wodziphunzitsa matsenga ndendende, yemwe ndinkamufuna poyamba.

Apa pali kanthu kena komwe atsopano ambiri sitikaona msanga. Chomwe chimagwira ntchito pa dayisi si nambala yaikuluyo koma modifier, ndipo modifier imakwera pa manambala ogawika ndi 2 okha: 14 ndi 15 zonse ndi +2, 16 ndi 17 zonse ndi +3. Poyamba ndinaika 2 pa Strength kuti ifike 17 ndi 1 pa Constitution kuti ifike 15, chifukwa 17 imaoneka yokongola. Nditatembenuza, 1 pa Strength ndi 2 pa Constitution, zonse zinakhala 16, zonse +3. Ma HP anafika 31: 13 pa level yoyamba, 9 pa iliyonse ya ziwiri zotsatira. Intelligence ndinaipatsa 13, Wisdom 12. Spell save DC yanga, nambala yomwe mdani ayenera kufika kuti apewe spell, ndi 11 yokha, 8 kuwonjezera 2 ya proficiency ndi 1 ya Intelligence, yotsika ndithu, choncho ndinapewa ma spell omwe amadalira kuti mdani alephere save. Ndinatenga omwe amanditeteza ine mwini kapena osafuna kuponya dayisi kuti amenye mdani, monga Shield ndi Magic Missile. Elf uja sanapite pachabe, High Elf wa 2024 amapeza Detect Magic pa level 3.

Ndinkaganiza kuti ndamaliza, koma kunatsala funso la manja. Ndinkafuna lupanga ndi chishango: chovala cha chain mail chimapereka AC (nambala ya chitetezo) 16, chishango chimawonjezera 2, Defense imawonjezera 1, zonse 19. Vuto ndi lakuti spell ya Shield, yomwe imakupatsa 5 pa AC pamene mdani wakumenya, imafuna mawu ndi kugwedeza dzanja, ndipo lamulo limati dzanja limodzi likhale lopanda kanthu. Lupanga kudzanja ili, chishango kudzanja ilo, dzanja lachitatu mulitenga kuti? Feat ya War Caster ndi yomwe imathetsa vutoli, koma m'buku la 2024 simungaitenge musanafike level 4. Ndimadziwa kuti ma DM ena salabadira zimenezi, amangolola. Ulendo uno sindinaganizire ndekha, ndinafunsa, ndipo ndinapempha kuti yankho alilembe pagulu pomwe aliyense aone. Anati amatsata lamulo mmene linalembedwera. Chabwino, mawu omaliza ndi a DM, ndipo pamenepa sindinakangane nawo. Ndinasiya chishango n'kutenga greatsword, yomwe ili kale m'katundu woyambira wa Fighter. Imafuna manja awiri pomenya pokha, nthawi ina yonse dzanja limodzi likhoza kuchoka n'kuponya spell. AC inatsika kufika 17, koma ndinapeza 2d6 (madayisi awiri a mbali zisanu ndi imodzi) pa kumenya kulikonse, kuphatikizapo weapon mastery yake yotchedwa Graze, yomwe imapweteka mdani ndi modifier ya Strength ngakhale lupanga litaphonya. Zimenezi m'buku la 2014 mulibe n'komwe, ndipo ndikanabwera ndi pepala langa loyamba lija sindikanadziwa kuti Fighter amasankha zida zitatu zotere pa level 1.

Ndikubwerezanso chifukwa ndi pomwe panandiwawa: funsani chaka cha buku. Funsani ngati akulola kusakaniza zinthu za m'mabuku akale ndi atsopano, chifukwa ena amalola ena amakana. Funsani njira ya manambala, funsani za multiclass, funsani za manja ndi ma spell ngati munthu wanu amanyamula zida. Mafunso onsewa atumizeni mu uthenga umodzi ndipo musayambe kanthu mpaka atayankha molemba. Kenako tumizani mafupa okha a character, class, species, background ndi manambala asanu ndi limodzi, avomereze, ndiye muzikalemba mbiri ndi kusankha ma spell. Ine ndinachita chozondoka, ndinayamba ndi zokongoletsa maziko asanaonedwe.

Mbiri ija ndinailembanso Lachitatu masana. Msilikali ndi yemweyo, buku lomwe anatola pa nkhondo ndi lomwelo, koma ndime zonse za chotchinga cha matsenga ndinazichotsa, ndipo masamba awiri anasanduka tsamba limodzi ndi theka. DM anayankha mochedwa monga mwa nthawi zonse, dzulo usiku, ndi mawu amodzi oti zili bwino. Tiyamba kusewera Loweruka likubwerali, ndipo ndawapempha kuti uthenga woitana munthu watsopano wotsatira ukhale ndi 2024 pamzere woyamba.