Tala ikangofika, lendi nayo imadzuka

Semesita ino tikuphunzira za kayendetsedwe ka ndalama m'makhonsolo, ndipo mutu womwe wandigwira mtima ndi wa mitengo ya nyumba. Mu 1956 katswiri wa zachuma Charles Tiebout ananena kuti anthu amasankha kokhala poyang'ana zomwe khonsolo imawachitira ndi misonkho yomwe imatolera, osakhutira amangolongedza n'kusamuka. Kenako mu 1969 katswiri wina wa zachuma, Wallace Oates, anafufuza matauni a ku New Jersey ku America, n'kupeza kuti komwe amaika ndalama zambiri pa sukulu nyumba zimadula, pomwe msonkho wa nyumba ukakwera popanda chooneka mitengo imatsika.

Ine ndikamawerenga zimenezi mutu umangothamangira ku Lilongwe. Area 47 ndi Mtandire n'zoyandikana, dothi lomwelo, mvula yomweyo, koma kafunseni mtengo wa poloti uku ndi uku mumve. Munthu wogula ku 47 sakulipira njerwa zokha ayi, akulipira tala, mpope pakhomo, ngalande, mapepala a malo, pomwe ku Mtandire ambiri madzi amakagula pa kiyosiki ndipo mvula ikagwa msewu ndi matope okhaokha mpaka wakabaza amakukwezera mtengo.

Komano za Oates zija sizikukwana bwinobwino kuno. Ku America sukulu zimadalira kwambiri msonkho wa nyumba za m'deralo, ndiye ukalipira umaona komwe ndalama yapita. Kuno ngakhale lamulo la maboma ang'ono la 1998 linati mphamvu zipite kwa anthu, madzi ndi a Lilongwe Water Board, magetsi a ESCOM, misewu ikuluikulu ya Roads Authority, khonsolo imatsala ndi misika, zinyalala ndi timisewu ta m'makwalala, ndalama yake n'kumadikira ma city rates, msonkho womwe eni nyumba ndi malo amalipira ku khonsolo. Wandalama nayenso sadikira, amakumba mjigo pakhomo, kuika sola, ana ku pulaiveti, basi. Za kusamuka za Tiebout zija nazo n'za amene ali nazo m'thumba.

Chomwe ndikufuna kulembapo asayimenti ndi ichi: chitukuko chikafika m'dera amapindula ndani? Tala ikangodutsa, a landilodi omwe sanaikepo ngakhale 1 kwacha amabwera mwezi wotsatira kuti lendi yakwera poti kuno tsopano n'kutauni. Wa lendi uja amanyamula katundu kupita mkati komwe kulibe tala, mwini nyumba n'kupeza wina wokwanitsa. Alekichala akuti ndikapeze mitengo ya lendi msewu usanabwere ndi utabwera, ndiye ndiyamba ndi ma ejenti a nyumba.