Magitala otchipa a Hound Dog Taylor

Hound Dog Taylor, katswiri wa nyimbo za blues yemwe anabadwira ku Mississippi koma n'kutchukira ku Chicago, ankaimba magitala otchipa a ku Japan, omwe oimba ambiri nthawi imeneyo ankawanyoza. Ankawalumikiza ku ampulifaya ya Silvertone, yomwe inkagulitsidwa m'masitolo a Sears, ndipo akaikweza kwambiri, inkalephera kupirira n'kuyamba kusasa mawu. Kusasa kumeneko, pamodzi ndi kachitsulo komwe ankatsetsereza pa nsambo, n'kumene kunam'patsa kamvekedwe kaukali kodziwika nako. Gulu lake linalibe gitala ya besi, choncho Brewer Phillips ankaimba mbali imeneyo pa gitala wamba. Mu 1971 Bruce Iglauer anayambitsa kampani ya Alligator Records n'cholinga chojambula nyimbo za Taylor, ndipo ine ndimaona kuti anachita bwino posazisalaza.