Lachisanu: ku Linga, kugombe, kenako ku Dwangwa

Magulu athu a banki m'khonde agawana ndalama mwezi wamawa, ndiye ntchito yanga lero inali yokumbutsa angongole kuti abweze.

Ndinayambira ku Linga, ku Nkhotakota, cha m'ma 8 koloko. Lachisanu kuno suitanitsa msonkhano masana, chifukwa dzuwa likafika paliwombo anthu amakhala akupita kumzikiti ku mapemphero a Juma. Ndinafunda mpango kumutu, ndinapereka salamu, kenako tinafunsana za ana, za odwala, za mpunga kudimba. Nkhani ya ndalama inadikira kaye. Chisilamu chinazika mizu kuno kalekale, kuyambira pomwe Jumbe Salim bin Abdallah, wamalonda wa Chiswahili, anakhazikika m'zaka za m'ma 1840, ndipo chapafupi pomwepo pali tchalitchi cha Anglican cha All Saints, pomwe anaika Bishopu Chauncy Maples atamira panyanja mu 1895. N'chifukwa chake m'gulu limodzi mumapezeka mayi wa hijabu ndi mayi wa Mothers' Union atakhala mphasa imodzi. Povuta ndi pa chiwongoladzanja: ena sachilandira chifukwa cha chipembedzo, ena ndicho chinawakopa kulowa gulu. Apa sindinatsogole ine. Ndinasiyira mayi wachikulire wa gululo, ndipo anayamba ndi kuyamika aliyense, kuzungulira uku ndi uku, mpaka wangongoleyo anadzitchula yekha. Palibe anamuloza chala.

Kugombe zinali zina. Asodzi anali atangotuluka kumene, usiku wonse ali panyanja ndi ukonde wa chilimira, maso ali psuu. Amayi ogula usipa akukuwa mitengo, ena akuyanika pathandala. Ndinayamba mwaulemu, "Pepanitu bambo, ndimati mwina tikambirane pang'ono…" Mkuluyo anandidula: "Achemwali, nenani, zingati?" Ndinatchula. Anapisa m'thumba n'kundipatsa theka, yotsalayo akuti mwera ukaleka. Mayi anga ku Ntchisi akanamva zimenezi akanati bamboyu ndi wamwano. Ine ndaona kuti ayi. Munthu amene nsomba zake zikuwonongeka padzuwa alibe nthawi ya mwambi, ndipo mawu a panyanja amakwera chifukwa amapikisana ndi mafunde ndi injini.

Masana ndinakwera minibasi pa M5, kuwoloka Bua, ulendo wa ku Dwangwa. Tikamayandikira, Chitonga chimayamba kumveka m'galimoto. Gogo wina anandifunsa "Mwe uli?" ndipo nditayankha "Nde umampha" anaseka mpaka kundipatsa chinangwa chophika.

Ku Dwangwa minda ya nzimbe ndi fakitale ya shuga zinasonkhanitsa anthu: Alomwe a ku Mulanje, Asena a ku Nsanje, Atumbuka, Atonga, Achewa. Aliyense anasiya ankhoswe ndi anyakwawa ake kwawo, ndiye palibe mkulu wa fuko woti akulankhulire. Chichewa chake n'chosakaniza, ndipo malamulo a gulu ndiwo amalamula. Mlembi anangotsegula buku n'kuwerenga mayina a angongole mokweza, ndalama zake ndi tsiku lomwe anatenga. Mtima wanga unagunda. Ku Linga zoterezi zikanathetsa gulu. Kuno mayi wina anangoti, "Eya, ndine, malipiro a bambo akatuluka ndibweza," anthu n'kupitiriza. Amene anali kuntchito tinawatumizira mawu ojambula pa WhatsApp, poti si onse amawerenga bwino, ndipo mlembi anabwereza uthengawo m'Chitumbuka.

Pobwerera ndimaganiza kuti kwathu ndinaleredwa kuti mwana wamkazi sayang'ana wamkulu m'maso, ndipo chizolowezicho sichinandichoke. Ku Linga chimandithandiza. Ku Dwangwa ena amayesa kuti ndikubisa kanthu m'buku.

Mawa ndili kwa Mwansambo, kumtunda. Kumeneko ndiyambira kwa a mfumu, ndikhale pansi, ndidikire kuti a nduna andifunse chomwe ndadzera. Chitenje ndaika kale m'chikwama, ndipo ndanyamula ndi kamba, chifukwa msonkhano wa 9 koloko ukhoza kuyamba dzuwa litapendeka.