Mmene ndinapezera malo ophunzira utsogoleri wa mabungwe ku Wits

Ambirife amene timayendetsa mabungwe omwe si aboma tinaphunzira ntchitoyi tili kale pampando. N'chifukwa chake dona wotithandiza ndi ndalama akangochoka, bungwe limayamba kuzilala, ndipo ine zimenezi zimandiwawa. Nditamva za CAPSI, nthambi ya Wits Business School (sukulu ya zamalonda ya yunivesite ya Witwatersrand) ku Johannesburg yomwe imaphunzitsa za kupereka ndi kuthandizana kwa anthu a mu Africa, ndinatsimikiza mtima kufunsira malo.

Ndinayambira ku SAQA, bungwe la ku South Africa loyesa mapepala a maphunziro ochokera kunja. Kumeneko maphunziro ali ndi makwerero 10: digiri yoyamba wamba ili pa 7, honours ndi postgraduate diploma pa 8, masters pa 9. Kuti mulowe masters, nthawi zambiri amafuna munthu wa pa 8. Ndinatenga digiri, transcript ndi satifiketi ya MSCE, ndinakadinditsa makope ake kwa loya, ndikutumiza pa intaneti pamodzi ndi malipiro. Iwo amatsimikiza mapepalawo ku yunivesite yomwe munaphunzira, choncho ndinadziwitsiratu a ku ofesi ya registrar kuti kalata ikubwera. Yambirani pamenepa, chifukwa mpomwe pamadya nthawi. Digiri yanga anaiika pa 7, motero khomo langa linali la diploma kaye.

Fomu ya yunivesite, CV ndi makalata a umboni sizinavute. Ndinapempha munthu amene anandionadi ndikugwira ntchito kumudzi kuti andilembere, osati wa udindo waukulu wongondidziwa dzina.

Pomwe ndinakhalitsa ndi pa kalata yofotokoza cholinga changa. Sindinalembe mawu a m'mapulopozo aja oti "kutukula anthu osauka." Ndinalemba za amayi a banki mkhonde amene amasonkha kandalama padera kothandizira mnzawo akadwala, ndi za kope la zopepesa pamaliro, momwe wina amalembetsa mbale ya ufa, wina mtolo wa nkhuni. Funso langa linali lakuti: ngati anthu athu amapereka chonchi osakakamizidwa, bwanji mabungwe athu amangoyang'ana kunja?

Kalata yondilandira itabwera, ndinathamangira za viza ya ophunzira: chikalata cha kupolisi chosonyeza kuti ndilibe mlandu, umboni wa ndalama zolipirira sukulu, ndi medical aid yolembetsedwa ku South Africa komweko, pakuti ya kuno sailandira. Imeneyi iwerengereni pa bajeti kuyambira pachiyambi.