Thekenya la mu kompyuta

Mwezi wa Okutobala kuno ku Mangochi dzuwa silidikira kuti munthu amalize kumwa tiyi. Lolemba ndinafika pashopu thukuta lili kamukamu, n'kupeza pakhonde pali mayi wina, mlembi wa pasukulu ina yapulayiveti ya cha ku Mpondasi, atafumbata fulashi ngati dzira.

"Achimwene, zonse zapita. Malikisi a ana, kaundula wa fizi, zonse. Ahedi sindinawauze."

Ndili ndi kalaputopu kakale ka Linux, osati Windows, kamene ndimalandirira alendo otere, chifukwa fulashi yokayikitsa sindiilowetsa mu kompyuta yanga ya ntchito. Nditatsegula, mafoda onse anali phee m'malo mwake. Anali matenda athu aja a masiku onse, amene anthu amangoti vayirasi ya mashotikati. Imeneyi sidya fayilo. Imabisa mafoda ako, n'kuika m'malo mwake tizithunzi ta mayina omwewo tokhala ndi kamuvi pakona. Ukadina, kapulogalamu kake kamadzuka mwakachetechete, kenako n'kukutsegulira foda yako ija kuti usaganize kanthu. Antivayirasi ya kusukuluko inaona mashotikati aja ndi kapulogalamu kaja n'kuzifufuta, ndipo inachita bwino. Koma mafoda inawasiya obisika, ndiye mayiwo potsegula anangoona mbee, chonsecho fulashi ikusonyeza kuti muli katundu wa 3 GB. Wakuba anagwidwa, koma chipinda chimene anatsekeramo katundu palibe anachitsegula. Pa Windows kamzere kamodzi, attrib -h -r -s /s /d, kamatsegula chitseko chimenecho.

Mayiwo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Ndinawafunsa kumene amakapulintitsa makina a kusukulu akavuta, ndipo anatchula kashopu kena ka steshonale kufupi ndi msika.

Mwini kashopuko anatulukira yekha Lachiwiri, kompyuta yake yaikulu ija ya pansi pa tebulo itamangidwa ndi mphira pakaliyala ya kabaza. Bambo wachikulire, wolankhula modekha. Anati makinawo akukoka miyendo, ndipo mwana wawo wayesa kuikamo antivayirasi katatu koma ikangoyamba imadzitsekera yokha. Ndinayesa Task Manager, imene imaonetsa mapulogalamu amene akuyenda, yakana. Registry Editor, yosinthira makonzedwe a m'kati mwa Windows, yakana. Safe Mode, njira yodzutsira Windows ndi zofunika zokhazokha, inangondipatsa sikirini yabuluu. Ndinamuyang'ana mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito, n'kumuuza kuti akoke mpando, lero aona vayirasi yotchedwa Sality.

Sality inadziwika mu 2003, ndipo m'mayiko ena anthu anaiiwala kale. Kuno ikadali ndi msipu, chifukwa kompyuta imodzi ya pasteshonale imalandira mafulashi a tauni yonse, ndipo yambiri ili pa Windows 7 imene Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 Januwale 2020. Kusiyana kwake ndi ya mashotikati n'kwakuti iyi imalowa m'thupi la pulogalamu yeniyeniyo. Fayilo iliyonse ya pulogalamu, ya .exe, ili ndi mutu umene umauza Windows kuti yambira apa. Sality imapita pamalo oyambirawo, n'kuchotsapo malangizo oyamba a pulogalamuyo, n'kuikapo ake. Amene yachotsawo siiwataya ayi. Imawasunga mobisa m'thupi lake, limene imalimata kumchira kwa fayilo. Iwe ukatsegula pulogalamu, vayirasi ndiyo imayamba kudya, ikakhuta n'kubwezera malangizo aja kuti pulogalamu iyende ngati palibe chachitika.

Mnyamata wanga anakulira ku Makanjira, ndiye ndinamufunsa mmene amachotsera thekenya. Anati umatenga phini, n'kumakanula khungu pang'onopang'ono mozungulira kuti lituluke lathunthu, losaphulika. Kukonza fayilo n'chimodzimodzi. Antivayirasi iyenera kulidziwa bwino thekenya limene yapeza, osati kungoti ichi chikukayikitsa. Popeza Sality imasintha maonekedwe pa fayilo iliyonse, antivayirasi imaiyendetsa kaye mu kakompyuta kongoyerekezera mpaka itadzivundukula yokha. Ikatero imafufuza pamene pabisidwa malangizo obedwa aja, kuwabwezera pamalo pake, kudula mchira, n'kukonza manambala a kumutu kuti agwirizane ndi kukula kwa fayilo. Zonsezi zimatheka pa chifukwa chimodzi: chimene chinabedwa chikadali mommo. Ndipo monga phazi limatsala ndi chipsera, fayilo yochira nthawi zambiri sifanana ndendende ndi mmene inachokera kwa eni ake. Ina imayenda bwino, ina imakana chifukwa siginecha yake, chidindo cha eni ake, yasokonekera.

Apa mpamene makasitomala ambiri amandikwiyira. Amaona antivayirasi yafufuta fayilo, n'kumati bwanji sinakonze. Zambiri zimene timazitcha mavayirasi masiku ano zilibe choti n'kukonza. Trojan, pulogalamu yoipa yodzionetsa ngati yabwino, si pulogalamu yabwino imene yadwala, fayilo yonseyo ndiyo matenda. Palinso mavayirasi ena amene amalemba pamwamba pa fayilo osasunga kanthu, ndi ena monga Virut amene analembedwa mwaphuma moti amathyola fayilo polowa. Zikatero antivayirasi imatsala ndi njira ziwiri: kufufuta, kapena kutsekera mu quarantine, kumene fayilo imasungidwa yomangidwa kuti isayende. Ine ndimakonda quarantine, chifukwa antivayirasi nayo imalakwitsa, ndipo chotsekeredwa umatha kuchitulutsa.

Sality sungalimbane nayo Windows ili maso, imabwezera matenda pamene wangochotsapo. Tinadzutsa makinawo ndi Kaspersky Rescue Disk ya pa fulashi, antivayirasi imene imayenda Windows ili mtulo, n'kusiya sikani ikuyenda masana onse. Inapeza mafayilo odwala opitirira 1,100. Ambiri anachira, makumi angapo ayi. Bambo aja nkhawa yawo inali pa kapulogalamu kamodzi kodulira zithunzi za mapasipoti, kamene CD yake inatayika kalekale. Kanachira, ndipo tinakayesa iwo akuona.

Ndinawauza kuti ngakhale zili choncho makinawo afunika kufomata. Anayamba kukana.

"Aise, galimoto yakale ikamayenda sumasula injini."

"Bambo, iyi ikuyenda koma mabuleki anadulidwa. Zimene vayirasi yasintha m'kati mwa Windows sindingakulonjezeni kuti ndazipeza zonse."

Chimene chinawagonjetsa ndi hadi disiki yawo ya m'thumba. Munali foda yolembedwa Softwares, mmene ankasungamo mapulogalamu onse oikira mu kompyuta, ndipo pafupifupi onse anali ndi Sality. Anakumbuka okha kuti chaka chatha munthu wina anawafomatira, n'kuikanso zonse kuchokera mu foda yomweyo. Anakhala chete kanthawi, kenako anati chitani.

Lachitatu magetsi anazima tisanafike patali. Tinasesa shopu, tinapukuta fumbi m'mafani a malaputopu awiri, masana n'kudya nsima ya usipa pansi pa mtengo wa mango.

Lachinayi ndinakwera minibasi ya ku Monkey Bay kupita ku loji ina ya m'mbali mwa nyanja. Amanijala anali atandiimbira kuti akufuna kugula antivayirasi ya makompyuta asanu, ndiwauze yabwino kuposa zonse. Funso limeneli ndimalimva sabata iliyonse, ndipo sindiliyankha ndisanaone makina. Laputopu ya polandirira alendo, ya RAM ya 4 GB, inali ndi alonda atatu: ina imene inabwera ndi makinawo laisensi yake itatha kale, ina yaulere, ndi Smadav. Smadav ndi ya ku Indonesia, ndipo eni ake amanena okha kuti ndi mlonda wachiwiri, makamaka wa mafulashi, ndiye imeneyo ndinalibe nayo mlandu. Koma ziwiri zinazo zinkalimbirana fayilo iliyonse, moti kutsegula Excel kunali ngati kudikira basi kuti idzaze. Choseketsa n'chakuti munthu wina anatseka maapudeti onse kuti bandulo isamathe msanga. Alonda analipo, koma zithunzi za akuba zimene anali nazo m'manja zinali za miyezi isanu ndi iwiri yapitayo.

Tinakhala pakhonde, mphepo ya kunyanja ikutithandiza, n'kuwaonetsa pafoni zotsatira za AV-TEST ya ku Magdeburg ku Germany ndi AV-Comparatives ya ku Innsbruck ku Austria. Awa ndi mabungwe amene ntchito yawo ndi kuyesa mapulogalamuwa. AV-TEST imapereka mapointi 6 pa chitetezo, 6 pa kusalemetsa makina, ndi 6 pa kusavutitsa munthu ndi machenjezo abodza. Ukayang'ana bwino, mayina odziwika aja amangosiyana pang'ono, ndipo Microsoft Defender imene imabwera kale mu Windows 10 ndi 11 yakhala ikupezeka m'gulu lapamwamba zaka zapitazi. Amanijala anadabwa nditawauza kuti Avast, AVG, Avira ndi Norton zonse zili pansi pa kampani imodzi, Gen Digital, ndipo Avast inagula AVG mu 2016. Anafunsa za Kaspersky chifukwa anamva kuti inaletsedwa. Inaletsedwadi kugulitsidwa ku America mu 2024 pa nkhani ya kuchokera kwake ku Russia, koma chiletso chimenecho ndi cha kumeneko, ndipo pa mayeso imachita bwino.

Mafunso anga amakhala ena. Makinawo angathe kuinyamula? Idya bandulo yochuluka bwanji? Chaka chikatha adzakumbukire kulipira ndani, ndipo adzalipira bwanji madola akusowa chonchi? Ndaona maofesi ambiri akugula laisensi ndi chimwemwe, chaka chamawa chenjezo lofiira n'kumangotsekedwa m'mawa uliwonse ngati zenera. Makiyi otchipa a pa WhatsApp aja ndiye musandifunse n'komwe, mwezi umodzi kapena iwiri amafa. Tinagwirizana kuti makompyuta anayi akhale ndi Defender yokha maapudeti atatsegulidwa, ya akawunti igulidwire antivayirasi ya ESET, ndipo ndalama yotsalayo igule hadi disiki yosungirako mabuku a ndalama Lachisanu lililonse, n'kuichotsa pa kompyuta ikamaliza. Ndisananyamuke ndinayesa makina onse ndi fayilo ya EICAR, kamzere ka zilembo 68 kopanda vuto lililonse kamene pafupifupi antivayirasi iliyonse inagwirizana kuti izikagwira. Onse asanu anakuwa. Amanijala anandipatsa chambo chokazinga cha panjira.

Lachisanu masana tauni imachita zii, anthu ambiri ali kumzikiti, mnyamata wanganso anapita. Ndinali ndekha pamene analowa mnyamata wina wojambula mavidiyo wa ku Namwera, laputopu ili m'chikwama cha kusukulu. Sanakhale pansi. Mafayilo ake onse anali ndi kamchira ka zilembo zinayi kumapeto kwa dzina, ndipo m'mafoda munali kalata yotchedwa _readme.txt, yofuna madola 980, kapena 490 akalipira pasanathe maola 72. Ndinaizindikira: STOP, imene ena amati Djvu, vayirasi yomanga mafayilo n'kufuna dipo. Ndinamufunsa chimene anadawuniloda. Anati pulogalamu yodulira mavidiyo, yothyoledwa kale, ndipo malangizo ake amati uzimitse kaye antivayirasi.

"Ndayiyatsanso, akulu, yachotsa vayirasi yonse. Nanga bwanji mavidiyo sakutseguka? Muli ukwati wa anthu umu, Lamlungu akufuna."

Ndinamufotokozera kuti ili si thekenya. Palibe chimene chamatidwa pa fayilo choti n'kudula. Fayilo yeniyeniyo yasandutsidwa chinenero chimene kiyi wake ali ndi akubawo. Tinayang'ana pa No More Ransom, tsamba limene Europol, bungwe la apolisi a ku Ulaya, ndi apolisi a ku Netherlands anatsegula mu 2016 pamodzi ndi makampani a chitetezo, ndipo tinayesa pulogalamu yaulere ya Emsisoft yomasulira Djvu. Imeneyo imathandiza ngati vayirasi inalephera kulumikizana ndi eni ake pa nthawi yomanga, n'kugwiritsa ntchito kiyi wa onse. Iye anali pa intaneti usiku wonsewo, ndiye kiyi wake anali wa yekha. Za kulipira ndinamuletsa, ndipo ndalamazo analibe n'komwe. Ndinamuuza asinthe mapasiwedi onse, kuyambira Facebook mpaka imelo, pogwiritsa ntchito foni, chifukwa Djvu imakonda kubwera ndi inzake yoba mapasiwedi.

Kenako ndinafunsa za memori khadi ya kamera. Anati anaifomata Lachiwiri, n'kujambulirapo mpira wa m'mudzi. Ndinamuuza aichotse mu kamera pompo, asajambulenso kanthu. Kufomata kwa mu kamera kawirikawiri kumangofufuta kaundula, katundu amatsala mpaka china chitalembedwa pamwamba pake. PhotoRec, pulogalamu yobwezera mafayilo ofufutidwa, inayenda usiku wonse, ine ndikupemphera kuti magetsi asazime.

Loweruka m'mawa tinatsegula zimene zinatuluka. Kufika kwa mkwatibwi kunalipo, perekaniperekani yense analipo, azakhali ena ovina moseketsa analipo kawiri. Mwambo weniweni wa m'mawa, umene unali koyambirira kwa khadi, mpira unaupondereza. Mavidiyo omangidwa aja ndinamukoperera pa disiki ina kuti awasunge, chifukwa Djvu imamanga chigawo choyamba chokha cha fayilo, pafupifupi 150 KB, ndipo vidiyo yaikulu nthawi zina imasokeka ukakhala ndi inzake yabwino ya kamera yomweyo. Ndinamuuza kuti ndiyesa sabata yamawa, koma asakalonjeze munthu.

Anawerenga ndalama zake kawiri, n'kundipatsa theka, lina adzamaliza akalipidwa. Ndinamuperekeza mpaka pamsewu. Anati ayamba wakaonana ndi ankhoswe a kuchimuna, chifukwa ndi amene ali ndi mtima wofatsa, ndipo anafunsa ngati ndingalankhule nawo pafoni akapanda kumukhulupirira. Ndinati aimbe. Minibasi ya ku Namwera inali itatsala anthu awiri kuti idzaze.