Lipoti la ulendo wathu wa ku Golomoti

Tinanyamuka pa boma la Dedza kukadali chisanu, aphunzitsi a sayansi tonse titavala majuzi, ndipo titafika pa Masasa tinakhotera mumsewu wa Khwekhwerere. Tili pakati pa chitsetse mabuleki a minibasi anayamba kununkha, dalaivala n'kuima kuti azizire. Amayi Msungichuma anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, ndipo a Wapampando, amene sitinawamvepo akuimba chiyambire gulu lathu, anavomera ndi besi. Tinakhala pamenepo ola lathunthu tikudya mbatatesi yowiritsa imene inali ya nkhomaliro.

Ku Golomoti majuzi aja tinavula msanga. Tinaona mapanelo a sola otulutsa ma megawati 20 pamodzi ndi mabatire osungira magetsi, pamalo amene anayamba kugwira ntchito mu 2022, ndipo tinalemba m'makope monga tinagwirizana.

Chimene sindidzaiwala ndi mtsutso wa pansi pa mlambe. Aphunzitsi a ku Linthipe anafotokoza kuti kuwala kukagwa pa semiconductor (chipangizo monga silikoni wa m'mapanelo a sola) kumachotsa elekitironi, kanthu kakang'ono kwambiri konyamula magetsi, pamalo pake, n'kutsala mpata wotchedwa hole, ndipo ziwirizi zimakokana n'kumayendera limodzi. Chimenecho ndiye exciton, imene wasayansi Yakov Frenkel anayamba kuifotokoza mu 1931. Aphunzitsi a ku Mtakataka anadzuka n'kunena kuti, "Ndiye kuti exciton yanuyo ndiyo magetsi amene tawaona apawa, achimwene." A ku Linthipe anakanitsitsa, chifukwa chaji ya magetsi ya elekitironi (negativi) ndi ya hole (pozitivi) zimafafanizana, choncho exciton imanyamula mphamvu koma sinyamula chaji, ndipo imangoyendayenda mosalunjika kwina kulikonse. Anatola kamtengo n'kujambula pansi ng'ombe ziwiri za goli limodzi. Anati electric field, mphamvu yokoka zinthu zokhala ndi chaji, ikafika imakokera elekitironi uku, hole uko, goli n'kutamuka koma ngolo osasuntha. Field ikakula kwambiri m'pamene goli limaduka, iliyonse n'kulowera kwake, magetsi n'kuyenda.

A ku Mtakataka sanagonje, ndipo ine ndikuona kuti funso lawo ndilo linatipindulitsa tonse: nanga m'mapanelo aja amadula golilo ndani? Yankho linali lakuti mu silikoni mphamvu yomanga ziwirizi ndi pafupifupi 15 meV (muyeso wa mphamvu zazing'ono kwambiri), pamene kutentha wamba kwa m'chipinda kumapereka pafupifupi 25 meV, motero zimalekana zokha msangamsanga. M'maselo a sola opangidwa ndi mankhwala a kaboni zinthu n'zosiyana, chifukwa goli lake n'lolimba ndipo exciton imayenda ma nanomita 10 okha kapena kupitirirapo pang'ono, kamtunda kosaoneka n'komwe ndi maso, isanazime, choncho iyenera kupeza malire a zipangizo ziwiri pafupi kuti igawike. Apa a ku Mtakataka anabwereka kamtengo kaja n'kujambulanso okha, akuti akaonetse ana awo a Fomu 4.

Tikuthokoza akuluakulu a sukulu zathu potilola kuchoka tsiku la ntchito, Amayi Msungichuma posunga malisiti onse, ndiponso mayi amene anatiphikira nsima ya usipa pamsika mbatatesi yathu itathera m'phiri. Pobwerera awiri aja anakhala mpando umodzi akukambiranabe mpaka pa Masasa, ndipo kuyambira tsikulo a Wapampando poitana mayina amangoti, "A Elekitironi ndi a Hole afika?"